Cimanga Coola Si Cakudya ca Ziweto

Ife kwathu ndi ku Cassacatiza, m'boma la Chifunde, m'cigawo ca Tete. Tiri pa malire. Munthu akadutsa pacipata wafika ku Chanida, m'dziko la Zambia, ndipo mseu womwewo ukamfikitsa ku Katete. Tsiku ndi tsiku timaona malole akulu-akulu alikudutsa, ena kunka ku Beira, ena kucokera kumeneko. Koma ife nchito yathu ndi khasu. Timalima cimanga ndi mtedza, umene ena amati nshawa. Timaweta nkhuku, abakha, nkhumba ndi mbuzi, ndipo ena a ife ali ndi ng'ombe.

Tinali ndi mwambo umene tinaupeza kwa makolo. Pa nthawi yokolola tinkaunjika milu iwiri. Mulu woyamba unali wa cimanga cabwino, ndipo unkapita m'nkhokwe. Mulu waciwiri unali wa cimanga coola, cofumbwa ndi cocita cuku. Umenewu tinkati ngwa ziweto. Tinkanena kuti, "Nkhumba sisankha." Palibe amene ankaona colakwa. Tinkayesa kuti ndiko kusamala cakudya.

Caka ca 2024 cinatiphunzitsa zina. Mvula inadula cimanga ciri pafupi kuturutsa ngayaye, ndipo dzuwa linaomba masabata ambiri. Kwa anzathu a ku Zambia zinafika poti pa 29 Febuluwale pulezidenti wao, Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Cilala sicidziwa malire. Cimanga cathu cinabereka zing'onozing'ono, ndipo mbozi zinaboola zambiri. Pokolola, mulu wa ziweto unakula kuposa zaka zonse.

Tinacita monga mwa masiku onse. Cimanga coola cija tinacitonola, tinakacigaitsa, ndi kusakaniza ndi gaga. Tinathira m'mimphika yosweka ndi m'miyendo ya nkhumba. Ziweto zinadya mokondwa.

Oyamba kufa anali ana a abakha. Analeka kudya, nayamba kudzandira, ndipo m'mawa tinkawatola atauma. Nkhuku zinaleka kuikira. Ana a nkhumba ankadya koma osakula, ubweya uli nyankhalala. Bambo wina atapha nkhumba yace, anapeza ciwindi ciri cotuwa, cacikasu, cosaoneka ngati ciwindi.

Ena a ife anati ndi citopa. Koma agogo ena anati, "Ana inu, citopa ndi ca nkhuku. Nanga nkhumba zatani?" Pamenepo pa mudzi panabuka mau oipa. Amai wina anati mnansi wace wathira mankhwala m'madzi a abakha, cifukwa abakhawo ankamlowera m'dimba. Mlandu unafika kwa amfumu. Mabanja awiri amene ankabwerekana mcere ndi moto analeka kupatsana moni.

Mwezi wa Ogasiti tinamva nkhani pa wailesi ya ku Zambia. Nduna ya zaumoyo ya kumeneko, Elijah Muchima, inanena kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'mwezi umodzi atadya cakudya copangidwa ndi cimanga. Boma linatenga ufa ndi cimanga m'zigayo zazikulu kukapima. Pa zoyesa 25 zimene anapima, pafupifupi theka zinapezeka ndi ciphe cambiri. Ciphe cimeneci amacicha aflatokisini. Boma linalamula kuti ufa woipawo ucotsedwe m'masitolo, pakuti cimanga cimene cinapha agalu ndico cimene anthu anali kudya.

Tinayang'anana. Akulu anati, caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Tinatuma mnyamata kukaitana mlangizi wa zaulimi. Mlangizi atafika sanayambe ndi ziweto. Anati, "Ndionetseni cimene zikudya." Tinamtengera thumba la cimanga coola cija. Anatapa dzanja limodzi, natisonyeza fumbi lobiriwira mosakanikira ndi cikasu pa maso a cimanga. Anati, "Wakupherani abakha ndi uyu. Mnansi wanu alibe mlandu."

Tinakhala pansi pa mtengo, ndipo anatifotokozera. Cuku ndi kanthu kamoyo. Mbeu zace ndi zazing'ono kuposa fumbi, ndipo zimakhala m'nthaka ya m'minda yathu. Mitundu ya cuku ndi yambiri. Mtundu woopsa kwambiri pa cimanga ndi mtedza anthu ophunzira amaucha Aspergillus flavus. Cimanga cikafooka ndi cilala, cuku cimalowa msanga. Cimaloweranso pa mabala amene mbozi, mbalame, makoswe ndi anankafumbwe asiya. Tikasunga cimanga cisanaume, pa malo ofunda ndi a cinyezi, cuku cimakula ndi kuturutsa ciphe cija m'kati mwa njere.

Agogo aja anafunsa kuti, "Mwana wanga, nanga tikaphika cakudya ca nkhumba cija mpaka kuwira, ciphe sicifa?" Mlangizi anayankha kuti, "Iai agogo. Moto wa pa mafuwa umapha cuku, koma ciphe cace cimatsala. Ngakhale mukazinge, ngakhale mufulule mowa, ciphe ciripobe. Ndipo lilime silingakuuzeni, cifukwa ciphe cimeneci ciribe fungo ndiponso sicimveka kukoma kwace."

Anatiuzanso za gaga. Tikakonola cimanga, ciphe cambiri cimacoka pamodzi ndi khungu la njere. Mphale imatsala ndi cocepa, koma gaga amatenga cambiri. Motero gaga wa cimanga coola ndi woipa kuposa cimanga comweco. Ife tinali kusakaniza coipa ndi coipitsitsa, ndi kupatsa ana a abakha, amene pa ziweto zonse ndiwo safuna ngakhale pang'ono pokha.

Ciphe cimeneci cimaononga ciwindi. Ciweto cikadya cambiri pa nthawi imodzi cimafa msanga. Cikadya pang'ono-pang'ono sicifa, koma cimaonda, cimaleka kukula, ndipo cimagwidwa matenda ena mosabvuta. Nkhuku zimacepetsa mazira. Ng'ombe zimacepetsa mkaka. Nkhumba, agalu ndi abakha amabvutika msanga. Ng'ombe ndi mbuzi zazikulu zimapirirako, koma pali cinthu cina. Ng'ombe ya mkaka ikadya cakudya ca cuku, gawo lina la ciphe limaturukira mu mkaka. Mkakawo amamwa ndani? Ana athu. Cimene tataya ku khola cimabwerera m'mbale mwathu.

Nkhani imeneyi si ya lero. M'caka ca 1960, ku England kunafa nkhukundembo zoposa 100,000. Eni ace sanadziwe cimene cinazipha. Anthu ophunzira atafufuza anapeza kuti zonse zinadya zotsalira za mtedza wofinyidwa mafuta, zocokera ku Brazil, ndipo zinali ndi cuku. Ndi pamenepo pamene ciphe cimeneci cinadziwika ndi kupatsidwa dzina. Onani kuti ziweto ndizo zinayamba kucenjeza anthu.

Anthu nawonso amafa naco. M'caka ca 2004, ku Kenya, makamaka m'maboma a Makueni ndi Kitui, anthu 317 anadwala atadya cimanga ca cuku, ndipo 125 anamwalira. Cambiri cinali cimanga ca m'minda yao yomwe, cimene cinasungidwa cisanaume. Kuno ku Mozambique, m'zaka za m'ma 1970, madokotala anafufuza m'cigawo ca Inhambane, kumene amuna ambiri anali kudwala khansa ya ciwindi. Anapima zakudya za m'mbale za anthu, ndipo anapeza kuti kumene ciphe ca cuku cinali cambiri, odwala khansa analinso ambiri. Munthu amene ali kale ndi matenda a ciwindi ochedwa hepataitisi B ndiye ali pa ngozi yaikulu koposa. M'maiko ena a mu Afirika anapezanso kuti ana amene amadya ciphe cimeneci m'phala kawiri-kawiri amakhala opinimbira.

Titamva zimenezi mitima inagunda. Tinakumbukira kuti pa njala ena a ife tinatapako mulu wa ziweto uja ndi kukagaitsa mgaiwa. Bambo wina anati, "Bambo mlangizi, mukunena zoona. Koma m'nkhokwe mulibe kanthu. Kutaya cimanga caka ca njala, mtima sulola." Tonse tinabvomereza, pakuti mau amenewa anali m'kamwa mwa aliyense. Mlangizi sanatidzudzule. Anangofunsa kuti, "Abakha aja mukadagulitsa, mukadagula zitini zingati za cimanga cabwino? Nanga nkhumba imene yadya miyezi isanu ndi umodzi osakula, yakupatsani ciani?" Tinawerenga ndi zala. Tinaona kuti cimanga coola cimene tinakana kutaya cinatidyera cuma coposa mtengo wace.

Tsiku lomwelo tinakumba dzenje lakuya kutali ndi citsime. Tinathiramo cimanga coola cija ndi kukwirira bwino kuti nkhumba ndi agalu asafukule. Ziweto zotsala tinazipatsa msipu, masamba a mbatata, maungu ndi gaga wa cimanga cabwino. Patapita masabata owerengeka nkhuku zinayambanso kuikira.

Kuyambira pamenepo tinapangana zocita, ndipo ndi izi.

Timakolola pa nthawi yace. Cimanga cikakhalitsa m'munda, ciswe ndi mbozi zimacibowola, ndipo cogwa pansi cimatenga cuku m'dothi.

Sitiyanika pa dothi. Timayanika pa mphasa, pa lona kapena pa thandala, ndipo madzulo timafunditsa kuopa mame.

Timayesa ngati cauma. Njere youma imalira kuti "khe" tikailuma. Njira ina ndi ya mcere. Timatenga botolo louma, timathiramo cimanga ndi mcere wouma pang'ono, timatseka ndi kukhuchumula. Mcere ukamatirira m'mbali mwa botolo, cimanga sicinaume. Akatswiri amati cinyezi ca cimanga cosunga cisapitirire magawo 13 pa 100.

Timasankha ndi manja pa licero. Njere yoola, yofota, yosweka kapena yosintha mtundu timaicotsa. Nchito imeneyi ndi yotopetsa, koma imacotsa ciphe cambiri, cifukwa ciphe cimaunjikana m'njere zocepa zoipa.

Mtedza sitiuwaza madzi pofuna kuswa. Kale tinkatero kuti makoko afewe. Madzi amenewo ndiwo amadzutsa cuku. Mtedza wofota ndi wowawa, umene tinkasungira nsinjiro kapena kuponyera nkhuku, tsopano umapita ku dzenje.

Nkhokwe timaisesa tisanaikemo catsopano, ndipo timafolera denga lace kuti lisadonthe. Matumba sitigoneka pansi kapena kutsamiritsa ku khoma. Timaika pa mitengo kuti mphepo izipita pansi pace. Pa thumba liri lonse timalemba mwezi umene tinasunga, kuti tiyambe kudya lakale.

Gaga timayanika tsiku lomwelo tikacoka ku mtondo kapena ku cigayo. Gaga wonyowa akagona m'thumba amatentha ndi kucita zibuma. Pogula gaga kapena cakudya ca nkhuku ca m'matumba, timapisamo dzanja ndi kununkhiza. Cikakhala ndi zibuma kapena fungo la nkhungu, timacisiya ngakhale cichipe. Moika cakudya ca ziweto timatsukamo, pakuti zotsalira za dzulo zimacita cuku.

Mlangizi anatiuzanso za mankhwala ochedwa Aflasafe, amene anapangidwa ndi bungwe lofufuza za ulimi la IITA. Ndi njere za mapira zopakidwa cuku ca mtundu wopanda ciphe. Mlimi amamwaza makilogalamu 10 pa hekitala imodzi, patatsala masabata awiri kapena atatu kuti mbeu zicite maluwa. Cuku cabwino cimalanda malo, ndipo coipa cimasowa pokhala. Amene afuna kudziwa zambiri afunse alangizi a m'dera lace. Safunsa anadya phula.

Pangano lathu lomariza ndi la pa msika. Ogula cimanga amabwera kuno ndi masikelo ao. Kale ena a ife tinkabisa coola pakati pa thumba, cabwino pamwamba. Tinkati akaona okha kutsogolo. Koma thumba limenelo limakathera ku cigayo, ndipo ufa wace amadya mwana wa munthu wina, gaga wace zimadya nkhuku za munthu wina. Ifenso caka ca njala timagula ufa wocokera kwa alimi amene sitiwadziwa. Tikafuna kuti iwo atisankhire cabwino, tiyambe ndife.

Nanga mabanja awiri aja? Amfumu anawaitananso pa bwalo. Amai uja anaimirira, nagwada, nati, "Pepani acemwali, ndinakunamizirani. Abakha anga ndinawapha ndekha ndi manja anga, osadziwa." Mnansi wace anamlandira. Abakha ace atagogomola, anamgawira ana awiri kuti ayambirenso.

Lero pokolola timaunjika milu itatu. Woyamba ngwa m'nkhokwe. Waciwiri ngwa ziweto, ndipo muli cimanga cacing'ono koma cabwino, coti ifenso tingathe kudya. Wacitatu ngwa ku dzenje. Anzathu, tiyeni tikayang'ane m'miphika ya nkhuku ndi m'makola mwathu lero lomwe. Cimene sitingaphikire mwana wathu, tisapatse ciweto cathu.

Mafunso okambirana

1. Kwanu kuno, cimanga coola mumacita naco ciani?

2. Cifukwa ninji kuphika sikuthandiza pa cakudya ca cuku?

3. Kodi ciphe ca cuku cimafika bwanji kwa mwana amene amamwa mkaka?

4. Pa zocita zimene tawerengazi, ndi ziti zimene mungayambe caka cino popanda ndalama?