Kodi Mwadziwa Bwanji?

Akonzi a magazini ino anandipempha, monga mmodzi mwa anyamata amene anadutsa pa seminale pano, kuti ndikufotokozereniko pang'ono zimene ndikuphunzira ku yunivesite. Ndili m'chaka chachitatu ku Zomba, pa sukulu imene ambiri a inu mumaidziwabe ndi dzina la Chancellor College, ngakhale kuti kuyambira m'chaka cha 2021 ikutchedwa University of Malawi. Pa tchuthi ndimakhala kwa amalume ku Area 9 mu mzinda wa Lilongwe, ndipo ndi komweko kumene ndikulembera nkhani ino.

Mwa maphunziro onse a filosofi amene ndachita, ndasankha kukamba za limodzi lokha, limene pa Chingerezi amalitcha Epistemology. Dzinali lisakuopseni. Linachokera ku Chigiriki, ndipo likungotanthauza phunziro lofufuza za kudziwa. Funso lake lalikulu ndi lalifupi zedi, loti ngakhale mwana angathe kulifunsa: kodi mwadziwa bwanji? Inu amene mudzapitirire ku Kachebere mudzakumana nalo ndithu, popeza wofuna unsembe amayamba waphunzira filosofi asanalowe m'maphunziro a zaumulungu. Inu makolo mwina mukudabwa kuti kodi funso lotere n'lolipirira fizi zoona? Ndikupemphani kuti muwerenge modekha, kenaka muweruze nokha.

Aphunzitsi athu anayambira pa Plato, Mgiriki wa ku Athens amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 2,300 zapitazo. M'buku lake lotchedwa Theaetetus, Socrates akufunsa mnyamata wina wodziwa masamu kuti kudziwa n'chiyani. Mnyamatayo akuyesa katatu. Poyamba akuti kudziwa ndi kuona kapena kumva. Kachiwiri akuti ndi kuganiza zolondola. Kachitatu akuti ndi kuganiza zolondola uli ndi chifukwa chake. Socrates akupeza chilema pa yankho lililonse, ndipo bukulo likutha funso likadali chiimire. Komabe yankho lachitatulo ndi limene akatswiri ambiri anadzaligwiritsitsa pambuyo pake. Ine ndimalikumbukira poganiza za mafuwa atatu a pamoto. Kuti tinene kuti munthu akudziwa kanthu, fuwa loyamba n'lakuti iye akhulupirire kanthuko, lachiwiri n'lakuti kanthuko kakhale koona, lachitatu n'lakuti akhale ndi chifukwa chomveka chokhulupirira. Mphika sukhazikika pa mafuwa awiri. Munthu amene wanena kuti mawa kugwa mvula chifukwa chakuti analota mitambo, ngakhale mvulayo igwedi, sanadziwe ayi. Wangolasa mwamwayi.

Tisanasangalale kuti nkhani yatha, aphunzitsi anatibweretsera chitsanzo cha Bertrand Russell wa ku Mangalande, cha m'buku lake la mu 1948. Tiyerekeze kuti wotchi ya pakhoma m'chipinda chanu chodyera inaima usiku pa 12 koloko, inu osadziwa. Mawa lake masana mukulowa, mukuyang'ana pakhoma, n'kunena kuti nthawi yakwana 12 koloko, ndipo zangochitika kuti nthawi ilidi 12 koloko. Mukukhulupirira, n'zoona, ndipo chifukwa muli nacho, poti wotchiyo sinakunamizenipo chiyambire. Mafuwa onse atatu alipo. Nanga tinene kuti mwadziwa? Mtima ukukana. M'chaka cha 1963 Edmund Gettier wa ku America analemba kankhani ka masamba atatu okha kokhala ndi zitsanzo za mtundu womwewu, ndipo kuchokera pamenepo akatswiri akhala akutsutsana za fuwa lachinayi limene likusowa.

Tinawerenganso René Descartes, Mfalansa amene anaphunzitsidwa ndi ansembe a chipani cha Ajezuwiti ku La Flèche. M'buku lake la mu 1641 iye anaganiza zokayika chilichonse chimene chingakayikidwe. Maso amanama, monga ndodo imene imaoneka yothyoka ukaiviika m'madzi. Munthu akamalota amayesa ali maso. Atakayika zonse anapeza chimodzi chimene sichikayikika, chakuti wokayikayo ayenera kukhalapo kuti akayike. Augustino Woyera anali atanena kale zofanana ndi zimenezi zaka pafupifupi 1,200 m'mbuyo mwake. Kumbali inayo kunali John Locke, amene m'chaka cha 1690 anaphunzitsa kuti nzeru za mwana wobadwa kumene zili ngati pepala losalembedwa, ndipo zonse zimalowa kudzera m'zimene munthu amaona, kumva, kukhudza ndi kusinkhasinkha. Tomasi Akwino nayenso ankati kudziwa kwa munthu kumayambira pa maso, makutu ndi ziwalo zina zomvera.

Chimene chinandikondweretsa kwambiri n'chakuti nkhaniyi sinathere ku Ulaya. Pa sukulu yathu yomweyi panali malemu Pulofesa Didier Kaphagawani, amene analemba za m'mene Achewa amamvera nkhani ya kudziwa, ndipo zolemba zakezo zili m'buku la The African Philosophy Reader la mu 1998. Mphunzitsi winanso wa pa Chirunga, Grivas Kayange, anatulutsa buku mu 2018 lofufuza tanthauzo ndi choonadi kudzera m'chiyankhulo chathu. Akuluakuluwa anatitsegula maso kuti tiyang'ane mawu amene timayankhula tsiku ndi tsiku. Taganizani za mawu akuti "zoona". Kodi si ochokera ku "kuona"? Kwa makolo athu, chinthu choona ndi chimene chaonedwa, ndipo mboni yeniyeni ndi imene inaona ndi maso. Taganizaninso za kamawu kakuti "akuti" kapena "ati". Munthu akayamba nkhani ndi kamawu kameneka, wakuchenjezani kale kuti iye sanaone, wangomva. Chichewa chimasiyanitsa "ndaona", "ndamva", "ndikuganiza" ndi "ndikudziwa". Filosofi ya kudziwa inali kale pakamwa pa agogo athu, ife n'kumaifuna kutali.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Mukawerengera bwino zinthu zimene mumati mukuzidziwa, mupeza kuti zimene munaona ndi maso anu n'zochepa kwambiri. Tsiku limene munabadwa munachita kuuzidwa. Zoti dziko lino linalandira ufulu pa 6 Julaye 1964 munawerenga m'buku. Zoti malungo amabwera ndi udzudzu munamva kwa aphunzitsi, ndipo ochepa okha mwa ife anaonapo kachirombo kake pa makina a kuchipatala. Augustino analemba kuti ngakhale makolo athu enieni timawadziwa pokhulupirira mawu a anthu ena. Anzanga ena a m'kalasi atawerenga Descartes anayamba kuyenda akunena kuti palibe chimene munthu angadziwe. Ine sindinagwirizane nawo, chifukwa madzulo omwewo ankakwera minibasi osafunsa ngati dalaivala alikodi. Munthu sangakhale ndi moyo popanda kukhulupirira anzake. Chimene phunziroli limafuna ndi chakuti tidziwe kusankha mboni yoyenera kuikhulupirira, ndi kuzindikira pamene tikungobwereza za "akuti".

Ndinaona kulemera kwa zimenezi pa tchuthi cha chaka chatha. Ku Area 9 nyumba zambiri n'zotchingidwa ndi mipanda ya njerwa, ndipo munthu angathe kukhala zaka osaona nkhope ya woyandikana naye. Nkhani zimayenda kudzera mwa alonda, antchito a m'nyumba ndi mauthenga a pa WhatsApp. Tsiku lina kwa amalume kunasowa ndalama zokwana K80,000 zimene zinali m'kabati. Pofika madzulo nyumba yonse inali itagamula kale kuti watenga ndi bambo wina amene amasamala maluwa ndi kapinga, munthu wa ana anayi wochokera cha ku Mtandire. Azakhali anati, "Aliyense akudziwa kuti ndi iyeyu." Amalume anakonza zoti mawa m'mawa amuchotse ntchito ndi kukam'pereka kupolisi.

Titatha kudya ndinapempha kuyankhula nawo paokha. Ndinati, "Amalume, pepani, ine ndine mwana, koma ndifunseko. Kodi tadziwa bwanji kuti ndi bambo aja?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mphwanga, filosofi yakoyo isiye ku Zomba." Komabe anakhala pansi, ndipo tinayamba kulondola nkhaniyo kumene inachokera. Azakhali anamva kwa mtsikana wa ntchito. Mtsikanayo anamva kwa mlonda wa nyumba yoyandikana nayo. Mlondayo sanaone munthu akulowa m'nyumba, anangoona bamboyo atavala nsapato zatsopano. Anthu anayi ankanena chinthu chimodzi, koma mboni inali imodzi yokha, ndipo chimene inaona ndi nsapato basi. Titawerenga amene analowa m'chipindamo sabata imeneyo tinapeza anthu asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo ine ndi alendo awiri. Bambo wa maluwayo sanali m'gulumo, popeza ntchito yake imathera pakhonde.

Ndalamazo sizinapezeke. Amalume ananena kuti sangathe kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha nsapato, ndipo bamboyo akugwirabe ntchito yake mpaka lero. Chimene chinatsala mumtima mwanga n'chakuti, ngakhale zikanakhala kuti anatengadi, ife usiku umenewo sitinkadziwa. Tikanakhala ngati munthu woyang'ana wotchi yakufa ija, ndipo tikanaika chakudya cha ana anayi pa mwayi.

Zimene zinafuna kuchitika m'nyumba imodzi zachitikapo m'dziko lonse. Mu Sepitembala ndi Okutobala 2017 kunabuka mphekesera ya anamapopa m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi ena a kummwera mpaka mu mzinda wa Blantyre. Anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, ndipo aliyense m'magulumo ankati akudziwa. Akanafunsidwa kuti mwadziwa bwanji, yankho likanakhala lakuti akuti, ati, tamva. Koma taonaninso mbali ina. Chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019 chitatsutsidwa, oweruza asanu anakhala kuno ku Lilongwe miyezi ingapo akumva mboni, akuyang'ana mapepala a zotsatira amene ena anafufutidwa ndi Tipp-Ex, maloya akufunsa mboni iliyonse kumene inatenga zimene ikunena. Anthu ankatsatira pa wailesi m'misika ndi m'maminibasi. Pa 3 Febuluwale 2020 khotilo linathetsa chisankhocho, ndipo chigamulo chake chinali cha masamba pafupifupi 500. Kaya munthu anali mbali iti pa ndale, anaona kuti kufika pa mawu akuti "tadziwa" kumafuna nthawi, mboni ndi mafunso. Pajatu akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ang'ono anga, simuyenera kudikira Kachebere kapena Zomba kuti muyambe phunziroli. Mungathe kuyamba lero m'chipinda chanu chogona, pamene wina wabwera ndi nkhani yakuti uje waba sopo, kapena uje achotsedwa sukulu. Ine ndimadzifunsa mafunso anayi. Kodi amene akundiuzayu waona yekha kapena wamva? Ngati wamva, nkhaniyi gwero lake ndi ndani, ndipo kodi anthu ambiri amene akuinenawa sakumwa pa chitsime chimodzi? Kodi wonenayo apindulapo chiyani ndikakhulupirira? Ndipo ngati nkhaniyi ili yabodza, avutike ndani? Funso lomalizali ndi limene limandiuza kuchuluka kwa umboni umene ndiyenera kufuna. Nkhani ya zigoli za mpira ndingathe kuilandira kwa aliyense. Nkhani yokhudza mbiri, ntchito kapena moyo wa munthu imafuna mafuwa onse akhale olimba.

Dziwaninso kuti funsoli lili ndi kafunsidwe kake. Wachinyamata amene waphunzira filosofi pang'ono amatha kuligwiritsa ntchito ngati chibonga, kufuna kuchititsa manyazi akuluakulu. Kumeneko si kufuna choona. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo kawirikawiri agogo amene aona mvula zambiri amakhala mboni yodalirika kuposa buku pa nkhani ya munda, maliro ndi banja. Funsani mwaulemu, mutapepesa, ndipo yambani kudzifunsa nokha musanafunse ena. Safunsa anadya phula, koma wofunsa mwachipongwe sapatsidwa yankho.

Kwa inu makolo, ndikuti mwana wanu akadzakhala wansembe, anthu adzam'bweretsera milandu ya m'mabanja ndi ya m'miphakati, ndipo aliyense adzafika akunena kuti akudziwa. Akadzakhala mphunzitsi, namwino, loya, mtolankhani kapena wapolisi, ntchito yake ya tsiku ndi tsiku idzakhala kumva mawu a anthu ndi kuyesa kulemera kwake. M'masiku ano amene uthenga umodzi wa pa foni umafika kwa anthu zikwizikwi dzuwa lisanalowe, dziko lathu likufuna anthu otere ochuluka. Choncho mwana akakufunsani mofatsa kuti mwadziwa bwanji, musafulumire kumuyesa wamwano. Muyankheni, ndipo inunso mum'funse chimodzimodzi akabwera ndi nkhani zake.

Ndikufunirani zabwino zonse pa maphunziro anu, makamaka inu a Fomu 4 amene mayeso ali pafupi. Ambuye akudalitseni.