Mabatire Anayi

Tinaipeza pansi pa sutikesi ya mayi ku Ndirande, itakulungidwa m'chitenje pamodzi ndi makadi athu a kusikelo: Game Boy yotuwa ija imene malume anatibweretsera kuchokera ku Joni mu 1996. Kaseti ya Super Mario Land inali idakali m'kati. Tinangoyang'anana, amuna awiri obadwa bere limodzi, aliyense ali ndi imvi zake ndi ana ake kusekondale.

M'mawa mwake tinagula mabatire anayi mumsika wa Limbe, osayembekezera n'komwe kuti ingayake. Inayaka, ndi kabelu kake komwe kaja.

Kachipangizoka anakatulutsa ndi a Nintendo a ku Japan mu 1989, chaka chomwenso gemuyi inatuluka. Nkhani yake ndi yaifupi. Mario amadutsa mayiko anayi, zigawo 12, kukapulumutsa Daisy kwa Tatanga. Amadumpha maenje, kutola ndalama, kudya bowa kuti akule. Pena akwera sitima yapansi pa madzi, kumapeto ndege. Ilibe posungira pomwe wafika. Ukazimitsa, uyambiranso poyamba. Mitu yathu inali itaiwala zonsezi, koma zala zinkadziwa pomwe pali dzenje lililonse.

Tiulule kanthu. Kwa zaka zingapo takhala tikukalipira ana athu chifukwa cha mafoni. Mawu athu ndi amodzimodzi: ife pa msinkhu wanu tinkasewera mpira wa chikulunga panja, tinkadziwa nthawi yogona. Titagwira Game Boy ija tinakumbukira kuti nkhaniyi timaikometsera. Sikuti tinali odziletsa ayi. Zinthu zinkatiletsa.

Galasi lake lobiriwira lilibe kuwala kwakekwake, choncho mdima ukagwa, magetsi atazima, gemu yatha. Pakoloboyi sunkaona kanthu, komanso mayi sankalola kutha palafini. Mabatire akafooka tinkawayanika padenga, ena kuwaluma, kuti mwina apereke mphindi zingapo. Atsopano ankadikira malipiro a bambo. Kachipangizo kanali kamodzi pakati pa ana asanu, osawerengera a m'nyumba zoyandikana, ndipo lamulo linali lakuti ukafa upereke kwa mnzako. Lachisanu dzuwa likamapendeka, mayi ankangotambasula dzanja osanena kanthu, n'kukatsekera m'kabati mpaka Sabata lituluke.

Tsopano zotchinga zonsezo palibe. Usiku umenewo tinakhala pa sofa ku Chilomoni, mmodzi akusewera, wina akuunikira galasi ndi tochi ya foni. Wamkulu wa ife anachita kubwereka magalasi owerengera a akazi ake, poti Mario pagalasipo ndi wamng'ono ngati nyerere, ndipo maso a zaka 40 saonanso bwino zapafupi. Lamulo lakale tinalisunga: ukafa, upereke. Tatanga, amene anatikanika chaka chathunthu tili ana, tinamugonjetsa isanakwane 11 koloko. Tinaseka ngati zitsiru. Kenaka tinazindikira kuti ukamaliza, gemuyi imayambanso ndi adani ochuluka. Tinati kamodzi kokha.

Cha m'ma 1 koloko, mtsikana wa m'nyumbamo, wa Fomu 3, anadzuka kukamwa madzi. Anaima pakhomo la pabalaza, natiyang'ana kwakanthawi.

"Ababa, mawa si kuntchito? Nanga inu bambo aang'ono, minibasi ya ku Bangwe muipeza kuti nthawi ino?"

Sanawonjezere mawu. Iyeyu ndi amene timamulanda foni 8 koloko iliyonse, tikumuuza kuti wa msinkhu wake amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Zimenezo n'zoona. Koma munthu wamkulu nayenso amafunika maola osachepera 7, ndipo ife tinagona anayi. Kutacha makosi anali gwa, m'maso muli ngati mwathiridwa mchenga.

Foni ya mwanayo siitha mabatire mpaka mwezi ukathe, siopa mdima, salandirana ndi wina, ndipo mavidiyo ake alibe Tatanga woti ukamugonjetsa upume. Timafuna kuti aisiye ndi mphamvu zake zokha, pamene ife kachipangizo kotuwa ka mu 1989 kanatikanika kusiya.

Madzulo otsatira, ku Chilomoni ndi ku Bangwe komwe, tinaika lichero patebulo. Ikakwana 8 koloko mafoni onse amalowamo, athunso. Sabata yoyamba amene ankadandaula kwambiri sanali ana. Game Boy tinapatsa iwo kuti azilandirana, ndipo mtsikana uja anagwera m'dzenje loyamba katatu, akunena kuti gemu za makolo n'zankhanza. Mabatire anatha Lachinayi. Tawauza kuti ena adikire malipiro.