Sitima yovala nkhope

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya sitima, koma si yathu ija yochoka ku Limbe kupita ku Nayuchi ayi. Ndikunena sitima ya buluu yokhala ndi nkhope yomwetulira kutsogolo ndi nambala 1 m'mbali, imene ana amaitchula kuti Thomas. Amene muli ndi ana mwaionapo pa TV kapena pa chikwama cha kusukulu. Chimene ambiri sitidziwa n'choti ku Britain, ku America ndi ku Japan kuli Thomas wamkulu weniweni: mutu wa sitima wachitsulo, wodya malasha, wofuka utsi, wokoka mabogi odzaza ana ndi makolo awo.

Mwina mukufunsa kuti mayi wa pamsika zimenezi zikumukhudza pati. Ine ndimagulitsa kaunjika wa ana, ndipo nkhope imeneyi imandidyetsa. Ndikatsegula belo n'kupezamo malaya awiri a nsalu imodzi, saizi imodzi, ena okhala ndi Thomas ena opanda kanthu, a Thomas aja safika masana. Mwana akangoloza, mayi ake amayamba kumasula mfundo ya chitenje. Enawo amagona pa benchi mpaka ndiwatsitse mtengo. Ndiye pamene achemwali anga, amene amasamalira okalamba ku England, adanditumizira vidiyo ya ana awo atakwera Thomas wamkuluyo, ndidaona bizinesi yofanana ndi yanga, kungoti yawo ndi ya zitsulo.

Nkhani yake idayamba ndi matenda. Wilbert Awdry, m'busa wa mpingo wa Angilikani, ankafotokozera nthano za masitima mwana wake Christopher amene adagona ndi chikuku. Nthanozo zidasanduka buku mu 1945, Thomas adatulukira m'buku lachiwiri mu 1946, ndipo mu 1984 adafika pa TV. Maonekedwe ake adatengera mtundu wa mitu ya sitima wotchedwa E2. Idapangidwa khumi yokha, ndipo pofika 1963 yonse idali itaphwasulidwa. Palibe ndi umodzi womwe umene udatsala.

Nthawi imeneyo dziko la Britain linkataya sitima za malasha, ndipo mu 1968 zidaleka kunyamula anthu pa njanji zikuluzikulu. Zimene zidapulumuka zidapulumutsidwa ndi anthu wamba ongodzipereka, amene ankatenga tinjanji tosiyidwa n'kumatiyendetsa okha popanda malipiro. Njanji yoyamba kusungidwa motero ndi ya Talyllyn ku Wales mu 1951, ndipo m'busa Awdry nayenso adakagwirako ntchito yongodzipereka. Koma kudzipereka sikugula malasha. Chithanki chowiritsira madzi chimayenera kuphwasulidwa ndi kuyezedwa bwinobwino zaka khumi zilizonse, njanji zimafuna kukonza, mabogi amafuna penti. Ndalama zake zichokere kuti? Madala okonda sitima zakale alipo, koma ndi ochepa.

Apa m'pamene nkhope ija imagwira ntchito. Amatenga mutu wa sitima wakale, kuupaka buluu, kuika nkhope kutsogolo, n'kulengeza tsiku la Thomas. Mwana wa zaka zinayi sabwera yekha. Amabwera ndi mayi, bambo, mwinanso agogo, aliyense ndi tikiti yake, kenako tiyi, kenako chidole. Masiku ochepa otere amathandiza kusunga mitu ina ya sitima imene mwana sangaicheukire n'komwe. Mwaona kuzungulira kwa zinthu? Sitima imene idabereka Thomas idapita ku zitsulo zotayidwa, koma Thomas wa m'nthano akupulumutsa zinzake.

Kuseri kwa nkhopeyo kuli mbiri zenizeni. Thomas wa pa njanji ya Nene Valley, kufupi ndi Peterborough, adapangidwa mu 1947 ndipo ankakoka katundu pa fakitale ya shuga. M'busa Awdry mwiniwake ndiye adamupatsa dzinalo mu 1971. Wa ku Strasburg m'chigawo cha Pennsylvania ku America adapangidwa mu 1917 ndipo ankakankha mabogi a katundu kudoko ku Brooklyn, mu mzinda wa New York. Ku Japan, njanji ya Oigawa idayamba kuvala nkhope ya Thomas pa mutu wake wa malasha mu 2014. Onsewa ndi antchito akale amene adapeza ganyu ku ukalamba.

Si onse amakondwa nazo. Ena okonda mbiri amati uku n'kunyoza chitsulo cholemekezeka, ngati kutenga agogo amene adagwira ntchito moyo wawo wonse n'kuwaveka zoseketsa kuti ana aombe m'manja. Mawu awo ali ndi mutu ndithu. Komanso pali a Thomas ena ku America amene ndi chigoba chabe, mulibe moto m'kati, amachita kukankhidwa ndi mutu wina umene uli kumbuyo kwa mabogi. Chikomekome cha mkuyu, eti? Chinanso, nkhopeyo ili ndi eni ake. Kampani ya zidole ya Mattel ndiyo mwini wa Thomas masiku ano, ndipo njanji yofuna kuchita tsiku la Thomas imayenera kupeza chilolezo ndi kulipira. Ife a pamsika timazidziwa zimenezo: usanagulitse kanthu, wa tikiti wafika kale.

Komabe ine ndili kumbali ya nkhope. Pa benchi panga ndili ndi katundu amene ndimamutcha woyitanira. Malaya a Thomas ndimawapachika pamwamba, kutsogolo. Mayi akaima chifukwa cha kulira kwa mwana, m'pamene amaona juzi yabwino ya nthawi yozizira imene ikadangokhala pansi pa mulu. Si bodza limenelo, chifukwa juziyo ndi yabwinodi. Bodza likadakhalapo ndikadamubisira kuti yang'ambika kukhwapa. Chimodzimodzi sitima: moto uli m'kati mwa Thomas wa ku Peterborough ndi weniweni, fungo la malasha ndi lenileni, bambo wothira malasha thukuta lake ndi lenileni. Mwana wabwera kudzaona chidole, koma wapita kwawo ataona makina a nthawi ya agogo ake akugwira ntchito. Chitsulo chongoima osayenda chimadyedwa ndi dzimbiri, ulemu wake ungachuluke bwanji.

Chimene ndingapemphe n'chimodzi basi. Mwana akatsika m'bogi, pakhale munthu womuuza kuti sitima iyi isanakhale Thomas inkakoka katundu wa shuga, ndipo panali anthu amene ankalawirira m'mawa kudzaikolezera moto. Akapanda kuuzidwa, chitsulo chapulumuka koma anthu ake aiwalika, ndipo pamenepo odandaula aja akhala kuti ankanena zoona.

Ana athu kuno ambiri amamudziwa Thomas asanaonepo sitima ndi maso. Wanga wachiwiri ankakhulupirira kuti sitima iliyonse ili ndi nkhope, mpaka tsiku limene adaona ya katundu ikudutsa pa Balaka, n'kufunsa kuti maso ake ali kuti. Ndidamuyankha kuti maso ake ndi a dalaivala amene ali m'katimo. Inu anzanga, kwanuko kuli chinthu chanji chakale chimene chidakalipo chifukwa choti ana adachikonda? Tiuzane m'munsimu. Sabata yabwino nonse.