Fanny Kemble ndi nkhongole ziwiri

Fanny Kemble sankakonda kusewera pa siteji. Anakwerapo chifukwa atate ake anali m'nkhongole. Aliyense amene malipiro ake amagawidwa kunyumba asanawagwire n'komwe angaimvetse nkhani yake, ndipo ine imandikhudza kuposa ya wina aliyense m'banja lawo.

Dzina la Kemble linali lalikulu ku London. Azakhali ake, Sarah Siddons, anatchuka posewera Lady Macbeth. Atate ake, Charles Kemble, ankayendetsa nyumba ya masewero ya Covent Garden. Mu 1829 nyumbayo inatsala pang'ono kugwa chifukwa cha nkhongole. Fanny, ali ndi zaka 19, anasewera Juliet, anthu anakhamukirako, ndalama zinalowa. Mu 1832 anawoloka nyanja ndi atate ake kukasewera ku America, kukasakanso ndalama.

Kumeneko anakumana ndi Pierce Butler wa ku Philadelphia. Anakwatirana mu 1834, Fanny n'kusiya siteji. Sindimuweruza. Mtsikana amene wanyamula banja lonse kwa zaka zisanu akaona khomo lotulukira, ndani angamuletse?

Koma chuma cha banja la Butler chinkachokera m'minda ya mpunga ndi thonje ku Georgia, kumene ankagwiritsa ntchito akapolo mazanamazana ochokera ku makolo a mu Africa. Fanny anakhala kumindako miyezi ingapo mu 1838 ndi 1839. Amayi ankabwera kudzamudandaulira kuti amabwezedwa kumunda patangopita masabata atatu atabereka. Iye ankapereka madandaulowo kwa mwamuna wake, mpaka mwamunayo anamuletsa. Ndiye anangolemba zonse zimene ankaona ndi kumva.

Chikwati chinatha mu 1849, ndipo ana ake awiri aakazi anatsala ndi atate awo. Chimene chinamudyetsa pamenepo ndi luso lomwe lija ankalithawa. Ankakhala yekha pamaso pa anthu n'kumawerenga masewero a Shakespeare, ku America ndi ku England, anthu n'kumalipira pakhomo.

Mu 1859 nkhongole inamupezanso Butler. Iye analibe mwana woti amukweze pa siteji. Anagulitsa anthu oposa 400 ku Savannah, amuna, akazi ndi ana. Apa m'pamene ndimaima n'kuganiza. Nkhongole ya atate ake a Fanny inalipidwa ndi unyamata wa mtsikana mmodzi, amene ankamuombera m'manja ndipo anali ndi mwayi wochoka. Ya mwamuna wake inalipidwa ndi anthu amene sanafunsidwe kanthu. Zinthu ziwirizi sizifanana, ndipo sindifuna kuti chisoni chimene ndimamumvera Fanny chiphimbe anthu amenewo.

Zolemba zake za ku Georgia anazisunga zaka zoposa 20, n'kuzitulutsa mu 1863, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili mkati. Ena anganene kuti anachedwa. Mwina n'zoona, koma mayi amene akuopa kutsekeredwa khomo la ana ake samasuka pakamwa. Ngakhale anadikira choncho, mwana wake wamng'ono, Frances, anaima kumbali ya atate ake.

Fanny anamwalira ku London mu 1893. Mawu ake a pa siteji palibe anawajambula, anapita naye. Madandaulo a amayi a ku Georgia aja tikuwawerengabe lero, chifukwa iye anawalemba.