Citofu Cathu ca Dothi

Kwathu ndi ku Chadiza, m'dera la Mfumu Zingalume. Kuno nchito yotola nkhuni ndi ya amai ndi atsikana. Ambuya amati kale nkhuni zinali kuseri kwa nyumba cabe. Lero mitengo yatha. Ina inapita ku makala, ina ku zigafa za fodya, ina inagwa potsegula minda. Ine ndi mkulu wanga tinali kupita kuphiri katatu pa sabata. Pobwerako khosi linali kuwawa, ndipo masiku ena ndinali kufika kusukulu belu litalira kale.

Caka catha alangizi anabwera m'mudzi kudzaphunzitsa azimai kumanga citofu cosatha nkhuni. Mabungwe monga COMACO amalimbikitsa zitofu zotere kuno kum'mawa. Amai atabwerako anati, "Mawa timanga cathu."

Atate anaseka. "Amake mwana, tinkhuni tonga zala tingapsetse nsima ya anthu 7?"

"Mudzaona ndi maso, atate ake," anayankha amai.

Sitinagule ciliconse. Njerwa tinatola pa nyumba yakale imene inagwa ndi mvula. Mlongo wanga anakumba dothi la pa culu. Ine ndinatenga mcenga ndi ndowe za ng'ombe. Tinasakaniza zonsezi ndi madzi, n'kuponda ndi mapazi mpaka dothi linayamba kumata. Ndowe zimathandiza kuti dothi lisang'ambike msanga likauma.

Amai anasankha malo pafupi ndi cipupa ca khicini. Anayala njerwa, nasiya khomo laling'ono pansi. Kenaka anamanga kukwera m'mwamba, nasiya bowo pakati. Njira ya moto imaoneka monga cilembo ca L. Nkhuni zimalowa cogona, moto umakwera coimirira. Pakhomo anaikapo kacitsulo kogonekapo nkhuni, kuti mpweya uzilowa kunsi kwake. Pamwamba anaumba timitu 3 tokhazikapo poto. Pakati pa poto ndi citofu pamatsala mpata wolowa cala. Mpatawu ukatsekeka, moto umazima. Ukakula kwambiri, kutentha kumathawa.

Titamaliza tinazira bwinobwino. Ndiye kunatsala kudikira. Amai anatiletsa kusonkha moto mpaka dothi litauma. Linali sabata lalitali kwa ine!

Kodi n'cifukwa ciani citofu sicidya nkhuni zambiri? Pa mafuwa moto umabalalika mbali zonse, ndipo mphepo imauba. Mu citofu moto ulibe kothawira. Zipupa zimausunga, ndipo njira yake ndi imodzi, yopita ku poto. Mpweya ukamalowa bwino, nkhuni zimayaka mpaka kutha, ndiye utsi umacepa. Tsopano timaphikira tinthambi touma, zitsononkho za cimanga ndi mapesi a nyamundolo. Amai sakhetsanso misozi pophika, ndipo cifuwa cao cinacepa. Mwana wathu wokwawa sakhalanso pafupi ndi moto wa poyera. Povundula nsima poto sagwedera. Atate anadya nsima yoyamba osanena kanthu, kenaka anapempha ina.

Koma citofu cili ndi mkhalidwe wake. Cimafuna munthu pafupi. Tinkhuni timatha msanga, ndiye uyenera kumatikankhira m'kati. Pa mafuwa amai anali kuika cikuni cacikulu, n'kutereka nyemba, n'kupita kudimba. Apa iai, ukacokapo upeza moto wazima. Nkhuni zaziwisi cimakana. Phulusa timacotsa m'mawa uliwonse, ndipo pakaoneka mng'alu timamata ndi dothi tsiku lomwelo. Mgolo wa thobwa sukhalapo, umabwerera pa mafuwa.

Amene sanakondwere konse ndi ambuya. "Moto wanji wobisala ngati mbewa ku una?" amatero. Ine ndimaona kuti mau ao ali ndi nzeru. Mu Juni ndi Julai kuno kumazizira zedi. Citofu cimatenthetsa poto, koma munthu sangaothe. Ndiponso ambuya amapacika cimanga ca mbeu ku denga la khicini. Utsi ndiwo unali kuciteteza kwa anankafumbwe. Manje utsi wacepa, mbeu yao isungika bwanji? Cina cimene sananene, koma ine ndinaciona, ndi ici: madzulo tinaleka kukhala mozungulira moto, ndipo nthano zao zinasowa omvera.

Amai ndi ambuya anakambirana osakangana. Mafuwa sitinataye. Tinawasamutsira m'kakhicini ka ambuya, ndipo mbeu inapita komweko. Zophika za tsiku ndi tsiku zili pa citofu. Kukazizira, ambuya amasonkha moto wao madzulo. Timakwirira kandolo m'phulusa, iwo n'kuyamba nthano za Kalulu. Nkhuni za moto umenewo ndi zimene citofu catisungira.

Kuphiri timapita kamodzi pa sabata tsopano, ndipo mtolo ndi waung'ono. Mvula itagwa mu Disembala, atate anabzala mitengo ya gilirisidiya m'munda wa cimanga. Masamba ake amaonjezera conde m'nthaka, ndipo nthambi zake zimaphukanso ukazidula. Mzere wa kumalire ndi wanga. Atate akuti tizidula nthambi zikafika pa msinkhu wao. Pakali pano zafika m'ciuno mwanga.