Mwezi Wowombera Nkhandwe

Kuno ku Britain nyama zambiri zosaka zili ndi nyengo yake yolembedwa m'malamulo. Mbalame ya pheasant amaiwombera kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 1 Febuluwale, ya grouse amaiyamba pa 12 Ogasiti, agwape nawonso ali ndi miyezi yoti munthu akawakhudza amakayankha kukhoti. Nkhandwe ilibe mwezi. Bola munthu akhale ndi chiphaso cha mfuti chochokera kupolisi ndi chilolezo cha mwini malo, akhoza kuiwombera tsiku lililonse, masana kapena usiku. Poti lamulo lili duu, alimi a m'mapiri a Powys amadzisankhira okha nthawi, ndipo sagwirizana.

Mkangano wawo ndimaumvera m'khitchini. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, m'mafamu a pakati pa Builth Wells ndi Rhayader, ku Wales, dziko limene nkhosa zimaposa anthu pafupifupi katatu. Mwa anthu amene ndimawayendera muli bambo ena amene aweta nkhosa moyo wawo wonse. Miyendo inawakana, famu anaisiya m'manja mwa mwana wawo wamwamuna, koma pakamwa sanapume. Ine ndili yakaliyakali kuwakonzera tiyi ndi mapiritsi, iwo akumulangiza mnyamatayo za nkhandwe, mnyamata woti imvi zinamuyamba kale.

Ndinachoka ku Dedza ndikudziwa kuwerenga chaka ndi mvula: chizimalupsa, yobzalira, mvumbi wotsekera anthu m'nyumba masiku angapo, kenako dzuwa loumitsa chimanga. Kuno mvula imagwa mwezi uliwonse, siuza munthu kanthu. Kalendala yoyamba imene ndinaimvetsa m'dziko lino ndi ya nkhandwe, ndipo mwezi wake uliwonse umandiuza chimene chikundipita kumudzi.

Imayambira m'chisanu, Disembala mpaka Febuluwale, pamene nkhandwe zimakwerana. Dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko, ndiye maulendo anga onse a madzulo amakhala a mumdima. Usiku wa mu Januwale yaikazi imakuwa ngati mayi amene wangolandira uthenga wa maliro. Agogo anga ankati nkhandwe ikalira pafupi ndi mudzi, yambani kutola nkhuni za pasiwa. Ndikaimva ndili pa geti la famu, dzanja limapita lokha m'thumba kukafuna foni, chonsecho ndikudziwa kuti kwathu nthawi ili patsogolo ndi maola awiri ndipo amayi anagona kalekale. Nkhandwe ya kuno si yotuwa ija ya mzere m'nthiti imene tinkaiona ikudumpha msewu kumadambo. Iyi ndi yofiira, yaifupi miyendo, mchira wake wautali wodzaza ubweya. Koma mtima sufunsa mtundu, umangoti phwii.

Bambo okalambawo amati mwezi ndi umenewu, Januwale kulowa mu Febuluwale, ndipo zifukwa amaziwerenga pa zala zopindika ndi nyamakazi. Masamba ayoyoka, udzu wagona, munthu amaona patali. Zamphongo zimayenda mosasamala posaka zazikazi. Chachikulu kwa iwo n'chakuti ana a chaka chathachi amabalalika kuyambira cha mu Okutobala, aliyense kukafuna malo ake. Ukapha nkhandwe mu Novembala, posakhalitsa ina yalowa kale m'malo omwewo, wangowononga chipolopolo ndi tulo. Pofika Febuluwale kuyendayendako kwachepa, malo otsala opanda mwini amakhalitsa choncho, mwina mpaka nkhosa zitamaliza kuswa. Komanso bere la nkhandwe ndi la masiku 52 kapena 53 okha, ana anayi kapena asanu amabadwa cha mu Malichi. "Ukaipeza yaikazi mu Febuluwale," amatero, "banja lonse latha ndi chipolopolo chimodzi, ndipo palibe wotsala kuuna akulira."

Januwale yemweyo kwathu ndi mwezi wa khasu. Amayi amakhala akubandira, akudandaula za feteleza wachiwiri, nkhokwe ikuonetsa pansi. Ana amabwera kuchokera kuthengo ndi bowa m'malaya. Ine ndimakhala ndavala majekete awiri, ndikupala madzi oundana pa galasi la galimoto, m'kamwa mukuchita dovu la utale wothira tomato.

Mwana wawo uja amaona zina. Iye amati nkhandwe imene sinamulakwire alibe nayo mlandu: imadya mbewa, akalulu ndi nyongolotsi, ndipo ikakhala pamalo ake imathamangitsa zachilendo zimene sakuzidziwa khalidwe. Mfuti amaitulutsa akaona mwana wa nkhosa wasowa, basi. Sikuti akunama. Ofufuza anapeza kuti ana a nkhosa ogwidwa ndi nkhandwe ndi ochepa powayerekeza ndi amene amafa ndi chisanu, njala, kapena kukanidwa ndi make. Nthawi zambiri nkhandwe imadzatola matenda otsala nkhosa ikaswa, kapena kamwana kofa kale, mlimi n'kupeza mafupa m'mawa n'kugamula mlandu. Koma ziliponso zina zimene zimazolowera amoyo, makamaka amapasa: make akamateteza mmodzi, winayo amapita.

Vuto la nzeru ya mnyamatayo ndi mwezi. Nkhosa za m'mapiri zimaswa mu Epulo, podikira kuti udzu uphuke. Nkhandwe nayo mu Epulo ili ndi tiana kuuna, timene timabadwa tosaona, tosamva, takudakuda, ndipo sitisuzumira kunja mpaka patapita sabata zinayi. Imalimba mtima kulowa m'khamu la nkhosa chifukwa ikuyamwitsa. Mwezi umene imavuta kwambiri ndi womwewo umene ana ake sangakhale moyo popanda iyo.

Ndinaziona m'mawa wina wa mu Epulo. Mnyamatayo anafika pabwalo pa njinga yamoto ya matayala anayi, kumbuyo atagoneka nkhandwe. Anaiponya pa konkire pafupi ndi zenera la khitchini kuti bambo ake aione, n'kuigudubuza ndi nsonga ya gambutsi. Pamimba ubweya unali wothothoka, khungu lofiirira lili pamtunda, mawere otupa, limodzi likudontha mkaka wosakanikirana ndi matope. Nthiti zinkawerengeka. Inali yaing'ono zedi, yosafika ngakhale pa galu wa kumudzi. Bambo aja anayang'ana nthawi yaitali, kapu ikunjenjemera m'manja.

"Wayamba ntchito, mwana wanga," anatero. "Ukaimalize. Usadye usanapeze una."

Kupeza una si chinthu chapafupi pa phiri la miyala ndi zitsamba. Kale akanalowetsa kagalu ka terrier m'dzenjemo. Lamulo la Hunting Act la 2004, limene linaletsa kusaka nkhandwe ndi gulu la agalu ku England ndi Wales, limalola galu mmodzi kulowa pansi pokhapokha ngati ukuteteza mbalame zosungira alenje, osati nkhosa. Pheasant ya olemera ili ndi loya, mwana wa nkhosa alibe. Ndiye mnyamatayo anakagona chafufumimba pa mtunda moyang'anizana ndi dzenje, madzulo ndi m'bandakucha, kudikira kuti njala itulutse tianato. Atabwerako sananene kuti anapeza tingati, ndipo bambo ake sanafunse. Anangokhala pa tebulo, chakudya chikuzizira.

Ine si munthu womvera chisoni wakuba ziweto. Ndinakulira pa mudzi pamene fisi akatenga mbuzi, ndiye kuti fizi ya temu yonse yapita, ndipo ndinaonapo amayi akulira chifukwa cha thadzi logwidwa ndi vumbwe likufungatira. Anthu a m'matauni kuno amene amaikira nkhandwe chakudya kuseri kwa nyumba n'kumaijambula pa foni, sanatolepo mutu wa mwana wa nkhosa m'mawa. Koma pa mkangano wa m'khitchinimu ndili mbali ya bambo okalambawo. Ngati kupha kulipo, kuchitike chisanu chisanathe. Chifundo cha mnyamatayo, chodikira kuti nkhandwe iyambe yalakwa, ndi chimene chimakathera pa dzenje la ana anjala. Sindimalowerera, si ntchito yanga, ndimangotsuka makapu mwaphokoso pang'ono iye akamalankhula.

Epulo ndi mwezi umene umandipweteka kuposa yonse. Kuno maluwa achikasu a daffodil amadzaza m'mphepete mwa misewu, aliyense akumwetulira kuti dzuwa labwera. Kwathu ndi masika. Dowe pamoto, maungu, mphonda, mtedza wauwisi wowiritsa ndi mchere, misinde ana akutafuna panjira yochokera kusukulu. Mng'ono wanga amanditumizira zithunzi pa WhatsApp, sindidziwa ngati n'chikondi kapena nkhanza. Chimanga cha m'sitolo kuno n'chotsekemera ngati anathira shuga, chopanda fungo la utsi. Ndinasiya kugula.

Kuyambira Epulo mpaka Juni aliponso ena amene amawombera pa chifukwa china. Mbalame za curlew ndi lapwing zimaikira mazira pansi m'madambo, ndipo curlew yatsala pang'ono kutha ku Wales. Nkhandwe imodzi ikhoza kupsereza zisa za dambo lonse. Choncho ngakhale okonda mbalame, anthu oti mfuti amadana nayo, ena mwa iwo amaitanitsa mlenje. Makhwekhwe a waya, amene alimi ankatchera m'mipata ya mpanda, boma la Wales linawaletseratu mu Okutobala 2023, lisanatero dziko lina lililonse la mu United Kingdom. Chatsala kwenikweni ndi mfuti.

Nyengo yomaliza ndi ya kukolola. Akamweta udzu wa ziweto, ndipo m'zigwa akadula balere ndi tirigu cha mu Ogasiti, minda imasanduka yoyera ndipo nkhandwe sikhala ndi pobisala. Ana a nkhandwe akula koma nzeru alibe. Olera pheasant, amene amakhala atangotulutsa anapiye awo m'makola a m'nkhalango, amakonda nthawi imeneyi. Usiku wina wa mu Seputembala mnyamatayo anandipatsa chipangizo chake choonera mumdima, chimene chimaona kutentha kwa thupi, kuti ndisuzumire. Phiri lonse linali bii, nkhosa zili mbuu, zogona, ndipo m'munsi mwa mpanda kadontho koyera kakuyenda, kuima, kuyendanso. Anaika milomo kuseri kwa dzanja lake n'kuyamwa mpweya, phokoso la kalulu wogwidwa. Kadontho kaja kanatembenuka n'kuyamba kuthamangira kwa ife, kolunjika, kopanda mantha. Sanawombere, mfuti anali ataisiya m'nyumba. Kanafika pafupi mpaka ndinamva udzu ukuswanyika, kenako kananunkhiza fungo lathu n'kuzimiririka. Bambo ake atamva m'mawa anangoti zopusa ngati zimenezo ambiri amazipha kuti adzitame ndi chiwerengero, pamene zambiri zikanafa zokha chisanu chikubwerachi, ndi njala, mphere kapena galimoto.

Usiku umenewo ndinakumbuka liwamba. Ogasiti kapena Seputembala, udzu utauma, amuna a midzi ingapo ndi agalu awo, zibonga, mauta, moto ukuyenda kutsogolo, phokoso lomveka kutsidya kwa dambo. Ife atsikana tinkatsalira kumudzi kudikira kuti tione amene abwere ndi kalulu ndi amene abwere ndi nkhani zokha. Alongo anga ankabwera akuda ndi lupsa, mbewa zili ndanda pa kamtengo. Ulenje wa kuno ndi wa munthu mmodzi, chete, batire lili m'thumba, ndipo chophedwacho palibe amene amachidya.

Nditawafotokozera amayi zonsezi pa foni, anamvetsera mpaka kumapeto.

"Iwe, nkhosazo alibe khola?"

"Khola lilipo, amayi, koma zambiri zimagona kuphiri. Munthu mmodzi amakhala nazo mazanamazana."

"Ndiye amasiya chuma panja usiku, n'kumadandaula kuti chilombo chadya? Azungu akowo awauze ndani."

Anafunsanso ngati nkhandwezo zilibe chiwewe, poti kwathu nkhandwe yolowa m'mudzi masana anthu amathawitsa ana. Ndinawauza kuti m'nyama zoyenda pansi za kuno nthendayi inatha kalekale, cha mu 1922. Sanakhulupirire, anati ndisamayandikire basi.

Pano ndi Okutobala. Ana a nkhandwe ayamba kubalalika, m'mawa uliwonse ndimazemba mitembo yawo pa msewu wa A470. Lamlungu lomaliza la mwezi uno mawotchi abwerera m'mbuyo ndi ola limodzi, ndiye ndikamaweruka amayi azikhala atagona, tizilankhulana Loweruka lokha. Akuti chizimalupsa chinagwa sabata yatha, mizere anamaliza, akudikira mbewu ndi feteleza. Akutinso vumbwe wabwerera, watenga kale misoti iwiri. Ndawonjezera pa ndalama ya fetelezayo kuti mlongo wanga akagule waya ku Dedza boma, atchinge khola la nkhuku mvula isanalimbe.