Kachisi amene anamangidwa kuti apse

Achimwene anamwalira mu Januwale 2021, Covid itafika povuta ku Malawi. Ine ndinali kusukulu ku Reno, m'boma la Nevada ku America. Maliro ndinaonera pa WhatsApp, netiweki ikudukaduka. Sindinagone pasiwa, sindinaponye dothi m'manda, sindinamete. Ndipo m'foni mwanga munatsala voice note yawo imene sindinaitsegule. Tinali titakangana pa nkhani ya ndalama za feteleza, ndiye itabwera ndinati aa, ndimvera mawa. Patangotha sabata anagonekedwa m'chipatala.

Ndinakhala nayo chaka ndi theka. Kuifufuta ayi, kuitsegula ayi.

Mu Ogasiti 2022 mnzanga wina wa m'kalasi anandikokera ku Burning Man. Ngati simunamvepo, ndi chikondwerero cha zaluso chimene chimachitikira m'chipululu cha Black Rock, kumpoto kwa Reno. Chinayambira pagombe ku San Francisco mu 1986, n'kusamukira kuchipululuko mu 1990. Anthu pafupifupi 70,000 amamanga mzinda wa matenti panyanja youma, n'kuuphwasula pakatha sabata. Kulibe mtengo, kulibe udzu, fumbi lokhalokha loyera ngati ufa. Chaka chimenecho chogula chinali ayezi basi. Ine ndinkangodziwa za magule ndi zovala zodabwitsa zija za pa Instagram. Za kachisi sindinkadziwa.

Kachisiyo amakhala patali ndi phokoso. Mwambowu anauyambitsa ndi David Best, mmisiri wa ku California, mu 2000. Iye ndi anzake ankamanga chinyumba ndi zidutswa za matabwa zotsala kufakitale ya zidole, ndipo kutatsala pang'ono kuti apite kuchipululu, mnzawo wina wachinyamata anafa pa ngozi ya njinga yamoto. Chinyumbacho chinasanduka malo omulirira. Anthu ena ataona, anayamba kulembapo mayina a abale awo. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse cha chikondwererochi pamamangidwa kachisi watsopano, ndipo Lamlungu usiku amamuwotcha. Wa 2022 ankatchedwa Empyrean, wooneka ngati nyenyezi ya nsonga 8.

Poyamba zinandinyansa, kunena zoona. Kwathu tinali tikusonkha ndalama za chiliza cha achimwene, aliyense pang'onopang'ono, kuti dzina lawo likhale pamwala zaka zambiri. Kuno anthu athera miyezi akupala matabwa abwinoabwino kuti awayatse moto? Ndinati izi ndi za anthu okhuta.

Koma ndinalowa. Mulibe guwa, mulibe m'busa, mulibe wokufunsa mpingo wako. Makoma onse anali odzaza ndi zithunzi, makalata, mawu olembedwa ndi maka pathabwa penipenipo. Ndinaona zipewa, malamba a agalu, nsapato za mwana. Ena analembera makolo, ena mabanja amene anatha, ena ankadzipepesa okha. Bambo wina wamkulu thupi, ndevu zili mbuu ndi fumbi, ankalira mokweza, ndipo palibe amene ankamuyang'ana modabwa. Pamenepo ndinazindikira kuti ndili pasiwa. Siwa ya anthu osadziwana, aliyense ndi maliro ake.

Ndinakhala pansi, n'kuika foni kukhutu.

“Chemwali, za ndalama zija usadandaule, tapeza kwina. Akuti kumeneko kukuzizira kwambiri? Uzivala juzi. Mayi akupereka moni.”

Basi. Chaka ndi theka ndikuthawa kukalipiridwa, pamene munthu ankangondiuza za juzi. Ndinabwereka maka kwa mtsikana amene anali pafupi, n'kulemba m'Chichewa pakati pa Chingerezi chonsecho: Achimwene, ndamva. Pepani ndachedwa kuyankha.

Loweruka usiku amawotcha chifanizo chachikulu cha munthu chija, ndipo kumakhala nyimbo, makombola, kukuwa. Lamlungu n'zina. Anthu masauzande tinakhala pansi mozungulira kachisi, nyimbo zonse zitazimitsidwa. Moto utayaka munkangomveka kuthetheka kwa matabwa ndi kufwenthera. Kutentha kunafika kumaso ngakhale tinali patali. Kenako nsanamira zinagwa, mawu anga aja n'kupsa limodzi ndi a ena onse. Pambuyo pake anthu odzipereka amasesa phulusa ndi kutola misomali ndi maginito, kuti chipululu chitsale mmene anachipezera.

Ndaganiza kwambiri chifukwa chake ndinalemba pathabwa zimene ndinkalephera kuuza ngakhale mayi. Ndikuona ngati n'chifukwa choti lipsa. Pachiliza umalemba zoti adzukulu adzawerenge: dzina, zaka, vesi. Manyazi ako sungawalembe pamwala. Amafuna malo amene sadzakhalapo mawa.

Nditabwerera ku Reno ndinaimbira mayi n'kuwafotokozera zonse. Choyamba anadandaula matabwa: “Nyumba yabwinobwino? Anthu amenewo ali bwino?” Titaseka anakhala chete pang'ono, kenako anati, “Ndiye kuti iwenso wameta tsopano, mwanangu.”

Gawo langa la chiliza ndinatumiza mwezi womwewo. Voice note ija idakalimo m'foni, ndipo kukazizira ndimaimvera.